Bondo Limene Linaimitsa Basi pa Maloboti

Maloboti atayaka obiriwira, galimoto zonse zinanyamuka kupatula basi imodzi. M'basimo munali anthu odzaza, onse othamangira kuntchito, ndipo pachiwongolero panali dalaivala yemwe anzake ankamutcha a Hutala chifukwa chokonda kuliza hutala. Bamboyu anali atayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu. M'mawa umenewo anakweza mwendo wakumanzere kuti aponde kalachi, koma bondo linakana. Ululu unawalasa ngati wina wawakhomera msomali. Atayesanso, basi inadumpha kamodzi n'kuzima.

Kumbuyo mahutala anayamba kulira. Anthu anatsika akung'ung'udza, ena akumwaza mawu oti nkhalamba zizipuma. Kondakitala ndiye anagwira a Hutala mkono n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. A Hutala anakhala m'mphepete mwa msewu atagwira bondo, akuyang'ana dalaivala wina akuchotsa basi yawo.

Inu amene thupi layamba kukukanirani ntchito, mvetserani za bambo ameneyu.

Kuchipatala anawajambula bondo. Dokotala anawauza kuti ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa chicherewecherewe, kaja kamene kamatchinga mafupa kuti asamakhulane. Anawafotokozera zambiri, n'kuwapatsa mankhwala opha ululu ndi kalata yopita nayo kwa dokotala wa mafizo, uja wophunzitsa masewera olimbitsa ziwalo. Koma pa zonsezo a Hutala anangomvapo mawu amodzi, akuti chimene chaperepeseka sichibwerera. Kalata ija anakaiponya m'dirowa. Kudepoti bwana anawalandira makiyi n'kuwapatsa miyezi inayi yopuma, akuti ikatha adzaona chochita.

Anayamba kukhalira pampando wa pafupi ndi zenera. Basi ikamadutsa, ankadziwa amene akuyendetsa pongomva kasinthidwe ka magiya. Ankadya n'kugona, mimba n'kumakula, bondo n'kumaumirabe. Akazi awo, amene ankasoka mayunifolomu pakhonde, akati awalankhule ankangoyankhidwa ndi mphuno.

Tsiku lina kunabwera mlamu wawo atanyamula chikwama chodzaza mabotolo. Pa botolo lililonse panali chithunzi cha nkhalamba zaimvi zikuthamanga uku zikumwetulira. Mlamuyo, munthu wa pakamwa potsekemera, anati awa ndi mankhwala owonjezera m'thupi, ndipo akangomwa, pakatha milungu iwiri adzasewera mpira ndi adzukulu. A Hutala anagula mitundu isanu. Pamene panalembedwa kapisozi mmodzi iwo ankamwa awiri, poganiza kuti achira msanga.

Patatha milungu itatu bondo linali chimodzimodzi. Chimene chinasintha chinali m'mimba, mmene munayamba kuwotcha ndi kubangula ngati injini yakale.

Akazi awo sanakangane nawo. Anangotolera mabotolo onse m'jumbo n'kunena kuti, “Abambo, valani nsapato. Safunsa anadya phula.”

Famase, sitolo ya mankhwala, inali pakona ya msewu wawo, ulendo wa mphindi zisanu. Iwo anayenda theka la ola, akupuma pa mpanda uliwonse.

Mayi wa pafamase anandandalika mabotolo aja patebulo n'kuvala magalasi. Anayamba wafunsa ngati pali mankhwala ena amene amamwa, ndipo atamva kuti amamwa a kuthamanga kwa magazi, anapukusa mutu. Mabotolo awiri anawakankhira pambali chifukwa sanalembepo zimene zili m'kati ngakhalenso amene anawapanga. Lachitatu linali lofanana ndi linzake, kungosiyana chithunzi. Panatsala awiri, la gulukosamini ndi la mafuta a nsomba.

Anawafotokozera kuti pali anthu amene amati awa amawachepetsera ululu ndi kuuma kwa mfundo, ndipo pali ena amene samva kusintha kulikonse. Anati akayambe afunsa dokotala wawo ngati angawaphatikize ndi mankhwala awo a masiku onse. Akawalola, amwe monga zalembedwera kwa miyezi itatu, ndipo akaona kuti palibe chikusintha, asiye.

A Hutala anafunsa mokhumudwa kuti nanga chowachiritsa n'chiti pamenepo.

“Botolo silingakuyendereni, bambo,” anatero mayiyo. “Bondo limagwiridwa ndi minofu ya m'ntchafu, ndipo minofu imalimba ikamagwira ntchito. Komanso mukulisenzetsa katundu wambiri.”

Bamboyo anayang'ana mimba yawo, kenako n'kuseka koyamba patapita mwezi wathunthu. Zimenezo anazimva bwino. Basi yodzaza mopitirira muyezo, ngakhale uithire oyilo wodula chotani, masipuling'i ake amalirabe.

Atafika kunyumba anatsegula dirowa n'kutulutsa kalata ija. Atapita nayo kuchipatala, dokotala anawalola kumwa mabotolo awiri aja, n'kuwatumiza kuchipinda cha mafizo. M'chipindamo munali bedi lolimba, zitsulo ziwiri zogwirira poyenda, ndi njinga yopanda matayala. A Hutala anati moyo wawo wonse sanaonepo galimoto yopalasa thukuta kamukamu koma osafika kulikonse. Dokotala wa mafizo anawagoneka chagada n'kuwauza kuti akweze mwendo uli wowongoka. Anaukweza kanayi, kachisanu unagwa wokha.

Anabwerera mawa lake, ndi mkuja wake. Kunyumba ankachita zomwezo pamphasa m'mawa uliwonse, kenako n'kumwa makapisozi awo atadya. Akazi awo anachepetsa shuga m'tiyi kuchoka pa masupuni asanu kufika pa imodzi, ndipo zokazinga zinayamba kuoneka Lamlungu lokha. A Hutala ankadandaula kuti akumwa madzi otentha, koma kapu inkatha. Anayamba kuyenda kukafika pageti, kenako pakona, kenako kumpanda wa sukulu.

Mlungu wachisanu anadzimva mphamvu n'kuyenda mtunda wautali kuposa umene anauzidwa. Bondo linatupa ngati mpira. Masiku atatu sanatuluke m'nyumba, ndipo anauza akazi awo kuti zonsezi n'kungodzivutitsa, kuli bwino akangolemba kalata yosiya ntchito.

Mayiwo anaimitsa makina osokera. “Inu munkauza ana kuti basi sinyamukira giya wachinayi. Lero mwaiwala? Bwererani pa giya woyamba.”

Anabwereradi. Dokotala wa mafizo anawachepetsera masewera kwa mlungu umodzi, kutupa kunaphwa, ndipo anayambanso kukwera pang'onopang'ono. Pofika mwezi wachitatu ankakweza mwendo maulendo makumi atatu. Sikelo inaonetsa kuti ataya makilogalamu asanu ndi anayi. Kuuma kwa m'mawa, kumene kankawasunga pabedi mpaka dzuwa litakwera, kunkatha asanamalize kusamba.

Anapita kukathokoza mayi wa pafamase, n'kumufunsa ngati amene wagwira ntchito ndi makapisozi kapena njinga ija. Mayiyo anati sangawanamize, iye sangathe kusiyanitsa, koma chimene akudziwa n'chakuti thukuta lawo ndilo lachita gawo lalikulu. Atakambirana ndi dokotala, a Hutala anasiya botolo limodzi n'kupitiriza linalo, limene ankaona kuti likuwayanja.

Miyezi inayi itakwana anapita kudepoti akuyenda okha, opanda ndodo. Bwana anawapatsa basi yoti ayese m'bwalo. Anaponda kalachi, n'kusintha magiya mofewa moti madzi a m'botolo limene linali patsogolo sanagwedezeke. Bwana anatambasula dzanja kuti awapatse makiyi.

Apa ndi pamene a Hutala anaonetsa kukula mtima. Anamuuza zoona, kuti kuyendetsa atha, koma dokotala wawachenjeza kuti kuponda kalachi maola asanu ndi atatu tsiku lililonse kudzawabwezera pampando uja. Anati sakufuna kuikanso miyoyo ya anthu pa bondo lawo. Kenako analoza mabasi atatu amene anaima kugalaja chifukwa madalaivala atsopano anathyola magiya, n'kupempha kuti awapatse madalaivalawo awaphunzitse.

Bwana anawapatsa mwezi umodzi woyesera. Mwezi utatha, amakanika anayamba kudandaula mwanthabwala kuti a Hutala akuwalanda ntchito. Lero a Hutala ndi amene amayang'anira maphunziro a madalaivala onse pa kampaniyo, ndipo palibe amene amatulutsa basi pageti asanadutse m'manja mwawo. Ofesi yawo ili pamwamba, masitepe khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo amakwera tsiku lililonse. Kukazizira bondo limawakumbutsabe kuti lilipo. Iwo amangoti ndi mnzawo wakale, amadziwana mayendedwe.

Madalaivala achikulire akayamba kutsimphina amabwera kwa iwo mobisa, botolo lili m'thumba. A Hutala sawaseka ndiponso sawalanda. Amawauza kuti akalionetse kwa odziwa mankhwala, akafunse ngati likugwirizana ndi matupi awo, kenako amawaonetsa pomwepo mu ofesi mmene amakwezera mwendo.

Mwina inunso lero mwakhala pampando, mawondo kapena chiuno zikukuwawani, ndipo mukuona ngati zanu zatha. Sizinathe. Pitani mukayezetse. Ngati mukufuna kumwa zowonjezera m'thupi, funsani kaye odziwa, werengani zimene zalembedwa, ndipo musakhulupirire aliyense wokulonjezani mafupa atsopano. Koposa zonse, dzukani muyende, ngakhale kungofika pageti. Mawa mudzafika pakona. Musataye mtima, mwendo umene ukukana lero ukhoza kuphunziranso kukunyamulani.