Masipika Amene Anamira M'madzi

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ndipo tebulo langa lili pakhonde la golosale ina pa Chiringa. Ndakhalapo kuyambira nthawi ya makaseti mpaka lero pamene nyimbo zonse zikukhala m'kamemori kochepa ngati chikhadabo. Anthu obwera ndi masipika amafuna chinthu chimodzi, phokoso. Wa bawa amafuna kuti amveke mpaka kuseri kwa msika, wa vidiyo amafuna kuti mfuti ikalira m'filimu malata anjenjemere. Ine ndinazolowera kuwapatsa zomwezo.

Chilimwe cha chaka chimene madzi anasefukira kuchigwa, kunabwera bambo wina wachikulire akukankha njinga. Pakeliyala anamangirirapo mabokosi awiri a matabwa atawakulunga m'bulangeti. Bambowa ndinkawadziwa patali chabe. Anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, wa kumudzi wina wa kuchigwa, ndipo aliyense ankangowaitana kuti Aphunzitsi.

"Amisiri," anatero atapumako, "awa anamwa madzi. Mungawadzutse?"

Ndinamasula bulangeti lija. Anali masipika akale, olemera, a matabwa enieni osati zopanikiza za masiku ano. Mzere wa matope unkaonekabe chapakati pa bokosi lililonse. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanawakwezere pamwamba madzi akubwera.

"Manja ndili nawo awiri okha," anayankha. "Ndinanyamula mayi."

Apo m'pamene anandifotokozera za akazi awo. Kwa zaka zambiri mayiwo ndi amene ankaphunzitsa kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo. Kenako anadwala sitiroko, mbali ya kumanja inafa, ndipo kulankhula kunavuta. Mawu ochepa amene anabwerera anali a Chilomwe cha paubwana wawo, Chichewa chinangowathawa. Kutchalitchi sankathanso kufika. Amayi a kwaya ankajambula nyimbo zawo pa foni n'kuwabweretsera, iwo n'kumamvera pa masipika amenewa masana onse. Chiyambire madzi aja, m'nyumba munali zii.

Ndinawauza kuti abwere Loweruka. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza kuti masipika enieniwo anapulumuka. M'bokosi lililonse munali sipika yaikulu ya besi ndi kena kakang'ono ka mawu osongoka, kamene timakatcha twita. Chimene chinafa chinali kabolodi kamene kamakhala pakati pa ziwirizi. Ife amisiri timati kolosova. Ntchito yake ndi kugawa mawu: otsika kawapereke ku sipika yaikulu, okwera kawapereke ku twita, aliyense asenze katundu womuyenera. Kabolodi kameneka kanali katadyeka, waya wake atabiriwira, nyerere zitamangamo nyumba.

Pano ndiyenera kunena zoona. Ndinachita ulesi. Ndinazula timabolodi tonse tiwiri n'kutiponya kudzala, ndinalumikiza mawaya mwachindunji, n'kuika kachipangizo kamodzi kotchedwa kapasita pa twita kuti kaiteteze, monga ndimachitira ndi masipika a m'mabawa. Nditayesa, analira mwamphamvu mpaka mwini golosale anatuluka kudzaona. Loweruka Aphunzitsi anamvetsera, anagwedeza mutu, anathokoza kawiri, n'kumangirira katundu wawo.

Patangopita masiku anayi anabweranso, njinga ili yopanda kanthu. Anakhala pabenchi langa nthawi yaitali akupukuta thukuta.

"Mayi akukana," anatero.

"Akukana chiyani? Sakulira?"

"Akulira, kwambirinso. Ine ndikumva bwinobwino. Koma ndikangoyatsa, mayi akutembenukira kukhoma. Dzulo anandiponyera kapu."

Ndinapsa mtima, ngakhale sindinaonetse. Mumtima ndinkati, munthu wodwala angadziwe chiyani za ntchito yanga? Koma nkhope ya bambo aja inandimvetsa chisoni. Sanabwere kudzandidzudzula. Anabwera ngati munthu amene wasowa kwina kopita. Ndinawalonjeza kuti ndibwera ndidzamve ndekha.

Ndinapita Lachitatu lotsatira, tsiku lopanda msika. Ndinapalasa pafupifupi maola awiri, kudutsa minda ya nandolo ndi malo ena amene mchenga wa madzi aja unali utakwirirabe mizere. Nyumba yawo inali ya njerwa zootcha, khoma limodzi lomangidwa kumene. Mayi aja anali pampando wa nsungwi pafupi ndi khomo, dzanja lamanja lili pamwendo ngati si lawo. Anali munthu wochepa thupi koma wa maso akuthwa. Ndinagwada kuwapatsa moni.

"Moseliwa," anatero movutikira, moni wa m'mawa wa Chilomwe, ngakhale dzuwa linali litakwera kale. Ndinayankha mmene ndikanathera. Agogo anga ankalankhula Chilomwe, koma ine ndinangotolako moni wokha.

Aphunzitsi analumikiza ampu, kamakina kokuza mawu, ku batire la sola n'kuyatsa. Inali nyimbo ya maliro, amayi okhaokha, opanda ng'oma. Ndisanamve n'komwe mzere wachiwiri, manyazi anandigwira. Pakhonde langa, pakati pa njinga zamoto ndi chigayo, sindikanazimva. M'chipinda chachete chija zonse zinali poyera. Mawu apamwamba ankalasa m'khutu ngati wina akukanda lata, apansi ankangoti guu, ndipo apakati, amene amamanga nyimbo, anali atasowa. Twita ya bokosi limodzi inali itapsa kale.

Mayi aja anandiyang'ana. Anakweza dzanja lamanzere, anagwira pakhosi pawo, kenako analoza bokosi n'kutambasula chikhato chopanda kanthu.

"Akuti mawu awo mulibe," anamasulira Aphunzitsi. "Iwo ankaimba alito."

Ndinawauza zimene ndinachita, osabisa. Aphunzitsi anangofunsa kuti, "Munataya?" Funso limenelo linandipweteka kuposa kutukwanidwa.

M'mawa mwake ndinali kudzala la kuseri kwa golosale ndi khasu lobwereka. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka misozi, amati amisiri ayamba kufukula mbewa. Pansi pa phulusa ndi makoko a nzimbe ndinapeza kabolodi kamodzi. Kachiwiri kaja sindinakaonenso.

Kamodziko kanandiphunzitsa zambiri. Panali makoyilo awiri a waya wa kopa, makapasita awiri ndi karezisita kamodzi. Ndinatsuka ndi mswachi wakale mpaka manambala a pa makapasita anayamba kuoneka. Makoyilo analibe nambala, choncho ndinawamasula pang'onopang'ono ndikuwerenga mizungulo, n'kumalemba pachikatoni. Kawiri konse kasitomala anandisokoneza, ndinayambiranso poyerekeza kutalika kwa waya. Waya watsopano ndinaupeza kwa mnzanga wina wokonza mamota, wochokera m'mota ya pampu yakupsa. Makapasita ndinazula m'ma TV akufa amene ndinaunjika pansi pa tebulo. Ndinadula paipi ya pulasitiki tizidutswa n'kukulungapo wayawo ndi manja, mzere pamwamba pa mzere, mpaka zala zinatuluka matuza. Matwita ndinapeza awiri a m'zitseko za galimoto, oti ndikasinthe onse kuti afanane.

Vuto linali lakuti matwita atsopanowa sanali ofanana ndi akale aja. Manambala a kabolodi kakale akanangondifikitsa pafupi. Kotsalako kunafunika khutu, ndipo khutu langa ndinali nditasiya kulikhulupirira. Ndinaika zonse m'chikwama, pamodzi ndi waya wapadera ndi makapasita osiyanasiyana, n'kubwerera kuchigwa.

Kumeneko kulibe magetsi, ndiye chowotcherera changa ndinkachitenthetsa pa mbaula ya makala pakhomo. Ndinatulutsira mawaya kunja kwa mabokosi kuti ndizisintha zinthu mosavuta. Tinagwirizana chochita: ine ndisinthe chimodzi, Aphunzitsi ayatse nyimbo yomweyo, mayi aweruze. Akakana ankapukusa mutu. Zikakhala pafupi ankapendeketsa chikhato.

Poyamba matwita ankakuwa kwambiri. Mayi anatseka khutu ndi chala. Ndinaika rezisita yokulirapo, mawu anafewa. Kenako besi inkakwera mpaka kukwirira anzake, ndinawonjezera mizungulo pa koyilo yake. Ndinapitiriza muyeso, nyimbo inamveka ngati akuimbira m'mtsuko, ndipo ndinachotsako ina. Nthawi iliyonse ndikamaliza kuwotcherera, Aphunzitsi ankafulumira kunena kuti, "Eya, pano ndiye zakhala bwino!" Atanena kachisanu, mayi anawayankha mawu atatu a Chilomwe, akuthwa. Aphunzitsi anaseka n'kukhala pansi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti nditseke pakamwa."

Masana Aphunzitsi anatuluka kukakonza chakudya okha, chifukwa chiyambire matenda aja ndi iwo amene ankaphika. Anabweretsa chinangwa chophika ndi kalongonda. Anayamba adyetsa akazi awo ndi supuni, akuwapukuta pakamwa ndi kansalu, kenako tinadya ife awiri pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko anandiuza chinthu chimene ndikuganiza kuti sanauzepo anthu ambiri.

"Amisiri, ine nyimbo sindimaimva. Sikuti ndine gonthi ayi. Kungoti kwa ine kwaya yabwino ndi yoipa n'chimodzimodzi. Kusukulu ana akamaimba ndinkangoyang'ana pakamwa pawo." Anatafuna pang'ono. "Mabokosi amenewa ndinawagula kwa kalaliki wina wa kuesiteti ya tiyi titangokwatirana kumene, chifukwa ndinaona mmene mayi anaimira pakhomo pa munthuyo akumvetsera, mtanga uli pamutu, ataiwala kumene tinkapita. Zaka zonsezi ine ndimangoonera nkhope yawo. Ikasangalala ndimadziwa kuti nyimbo ndi yabwino."

Titabwerera m'nyumba ndinaona chinthu china. Mabokosi onse awiri anali pansi, pakona imodzi, ataunjikizana. Tinawatalikitsa, tinawakweza pa njerwa zinayi zinayi zotsala pomanga khoma lija, n'kuwalozetsa kumpando wa mayi. Ndinasinthanso kapasita imodzi, n'kutembenuza mawaya a twita imodzi amene ndinawalumikiza mozondoka chifukwa cha kutopa. Aphunzitsi anayatsa.

Ulendo uno ngakhale ine ndinaima chilili. Amayi aja anamveka ngati aima m'chipindamo, ena kuno ena uko, ndipo pakati pawo alito inkayenda poyera, yodekha, itanyamula nyimbo yonse. Mayi sanapukuse mutu, sanapendeketsenso chikhato. Anatseka maso. Chala cha dzanja lamanzere chinayamba kugunda pa nsungwi ya mpando. Kenako ndinamva kamawu kotsika, kosasa, kotuluka mbali imodzi ya pakamwa. Mawu a nyimboyo sankatuluka, koma njira yake ankaitsata osaphonya. Anafika pakati pa ndime, chifuwa chinawagwira, ndipo Aphunzitsi anathamangira madzi.

Ndinayamba kulongedza zida zanga mwakachetechete, poganiza kuti ndiwasiye awiriwo. Koma mayi anamenya mpando kuti nyimbo ibwerezedwe. Itafika pa ndime yachiwiri anatsegula maso, anakwinya nkhope, n'kuloza bokosi la kumanzere. Ndinaganiza kuti ndalakwitsanso. Ndinatenganso chowotcherera.

"Ayi, amisiri, si inu," anatero Aphunzitsi atawerama kumvetsera zimene akazi awo ankanena. Anayamba kuseka. "Akuti pali mmodzi akuimba motsika. Amudziwa. Akuti ndikamuitane."

"Panopa?"

"Akuti panopa."

Anapitadi, chifukwa mayi wolakwayo ankakhala kuseri kwa mjigo, pafupi pomwepo. Anabwera manja ali ndi ufa, akudabwa kuti kwagwanji. Anamukhazika pamkeka, anamuyatsira nyimbo ija, ndipo itafika pamalo paja chala chinamuloza. Mayiyo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye kuti zimamveka?" Anamuimbitsa mzere umenewo kanayi, mpaka chala chija chinatsika. Ine ndinamangitsa timabolodi tanga m'kati mwa mabokosi, ndinamata mipata ndi guluu kuti nyerere zisalowenso, n'kutsanzika dzuwa likadalipo.

Patapita miyezi iwiri kapena itatu, tsiku la msika, mayi uja wa kuseri kwa mjigo anaima patebulo langa ndi anzake awiri, madengu ali pamutu.

"Ndi awa," anauza anzakewo. "Ndi awa anatiputira mavuto."

Anandifotokozera kuti kwaya yonse tsopano imakaphunzirira kunyumba kwa Aphunzitsi Lachinayi lililonse masana. Amaimba, amajambula, n'kumvetsera pa mabokosi aja, mayi ali pampando wawo ndi kandodo kogogodera pansi. Wolakwa sabisalanso kumbuyo kwa anzake. Mmodzi wa iwo anati sabata yathayo anabwereza mzere umodzi mpaka mbuzi zinayamba kubwerera kukhola.

"Ndiye mukufuna ndikawawonongenso?" ndinafunsa.

"Musayerekeze," anatero wamkulu pa atatuwo. Anatsitsa dengu lake, anatulutsa kawailesi kothyoka mlongoti n'kukaika patebulo. "Ingotikonzerani aka. Koma mukonze ngati mmene munakonzera kuja, osati za m'bawa."