Mwana wa Fecske Wabadwira Tsidya

Dezső Halmai anali ndi akavalo atatu okha, koma mukamumva akulankhula mukanati ali ndi makola khumi. M'mudzi mwathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Ipoly, aliyense ankaidziwa nyimbo yake: kavalo weniweni ndi wobadwira pa nthaka ya Hungary, enawo ndi alendo odzatilanda chakudya pakamwa. Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo anabadwira tsidya la mtsinjewo, kumene lero ndi Slovakia, ndipo mayi ake anawoloka naye ali khanda. Koma ofuna mtendere sankaitchula nkhani imeneyi.

Komatu sikuti ankangobwebweta. Ku mipikisano ya ku Budapest, akavalo a anthu olemera, ogulidwa ku Ireland ndi ku France, ndiwo ankasesa malo oyamba. Munthu ngati Dezső ankapumira pa mphoto yoonjezera imene amapatsa kavalo wobadwira m'dziko momwemo akathamanga bwino. Popanda imeneyo, bwenzi atatseka khola kalekale n'kuyamba kulima mbatata.

Chaka chimenecho mtima wake wonse unali pa bere la Fecske, kavalo wake wamkazi. Anachita kugulitsa thirakitala kuti amupezere mphongo yotchuka. Tsono Fecske anali ndi kakhalidwe kake: madzi akangochepa, ankawoloka kukadya msipu wa tsidya. Masiku atayandikira, Dezső anatenga mpando, soseji ndi kabotolo ka kachasu, n'kukhazikika pakhomo pa khola.

"Bambo inu, kodi woyembekezerayo ndani, inu kapena kavaloyo?" anafunsa Piroska, mkazi wake. "Munaonapo wamkazi akubereka anthu atamutong'olera maso ngati akuonera kanema?"

"Mayi, zisiyeni izi. Ameneyu ndikangophethira, andiberekera mlendo."

Woweta akavalo aliyense amadziwa kuti kavalo wamkazi amatha kuchedwetsa kubereka mpaka ataona kuti ali yekha. Dezső ankadziwanso, mwinanso kuposa tonsefe, koma mantha anamutseka m'maso. Fecske anangoti phee, mimba ili tantha, akumuyang'ana mbuye wakeyo cham'mbali.

M'mawa wina Piroska anatopa nazo. "Kasambeni, mukununkha kuposa kholalo! Ntchentche zasiya ndowe, zikutsata inu."

Anapita monyinyirika, ndipo m'changu chakecho sanakhome bwino chitseko. Pobwera, tsitsi lidakali lonyowa, anapeza khola lili pululu. Anathamangira kumtsinje. Tsidya lija, pansi pa mitengo, Fecske anali akunyambita kamwana kofiirira, kamiyendo yaitali ngati ndodo, kakuyesa kuimirira.

Dezső atawoloka, anapeza kuti pafupi pomwepo panali Ödön, nkhalamba yoweta nkhosa tsidyalo, atatsamira ndodo yake.

"Achimwene, nyamulani msanga muwoloke," anatero. "Ine maso angawa anatha kalekale, sindinaone kanthu."

Dezső anakanyamula pachifuwa n'kulowa m'madzi, make akutsatira pambuyo. Pakati pa mtsinje anaima. Kamtima ka kavaloyo kankagunda pa nthiti zake, ndipo anakumbukira kuti pamalo pomwepo ndi pamene mayi ake anawolokera naye. Anadzifunsa chimene chinasintha mwa iye tsiku lija kuchoka gombe ili kufika linalo. Sanachipeze, ndipo anachita manyazi.

Masana kunabwera Sarolta, dokotala wa ziweto amene amachitira umboni za kubadwa kwa akavalo a mpikisano. Anakapima kamwanako, n'kuimba mluzu posirira miyendo ija.

"Aka ndiye kadzawaonetsa fumbi. Kabadwira pati, a Halmai, m'khola kapena kudambo?"

Piroska anayang'ana pansi. Buluku la mwamuna wake linali lidakali lonyowa.

"Komwe ndinabadwira ine," anatero Dezső.

"Mukudziwa kuti mukatero mphoto yoonjezera ija ndiye yapita?" anafunsa Sarolta.

"Ndikudziwa. Kazidalira miyendo yake," anayankha akukasisita pakhosi. "Ine ndakalambira tsidya lino, ndani anandifunsapo kuti thukuta langa ndi la dziko liti ndikamanyamula ndowe? Lembani kuti n'kakwathu, ka ine ndi mayi anga."