Mivi ya Achimwene Yogwera Kumanzere

Ndinatuluka pageti pa madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, cha m'ma 7 koloko Lamulungu, tsiku lokhalo limene ndimapuma, mtima uli wowawa pang'ono chifukwa ndinkajomba kutchalitchi kaamba ka uta. Eya, uta! Achimwene anga a Gelesomu ankagwira ntchito pamalo pomwe anthu andalama amakaphunzira kuponya mivi. Iwo ankawachunira mauta n'kumawaonetsa kaponyedwe. Tsono kwa miyezi iwiri mivi yawo inkangogwera kumanzere kwa chandamale. Manijala anawauza kuti Lachitatu aponye iye akuona, ikakhota kontirakiti saiwonjezera. Viza nayo inkatha mwezi womwewo, pomwe ku Ntcheu ana awo atatu ndi amayi athu amayang'ana kwa iwo.

Basi ndi sitima zinandidula madiramu asanu ndi awiri ndi theka, ndalama za kuno, pakhadi. Pofika 9 koloko ndinali pa siteshoni ya Al Furjan, kumene achimwene amakhala. Ndinawaona ataima ndi chibokosi chakuda chachitali. Ndinawakodola mpaka dzanja kutopa, ndikubwera cha kumanja kwawo, iwo duu! Anadzandiona nditawagunda paphewa. Ndinawaseka kuti Dubai yawanyaditsa, mlongo wawo sakumudziwanso, nawo anaseka.

Tinamwa tiyi wamkaka wotchedwa karaki ndi porota, chapati ya dzira, pa kakafiteriya ka pafupi. Achimwene ankandiwerengera oganiziridwa awo ngati wapolisi. Woyamba anali renjifainda, kachipangizo koyezera mtunda, kamene ankati kayamba bodza. Wachiwiri saiti, ija ya kapini kowala kolozera pomwe muvi ukagwe. Kenaka resiti, pomwe muvi umagona usanachoke. Achimwene sankafuna kuti munthu wa kuntchito aukhudze utawo, poopa kuti nkhani ifika kwa manijala, ndiye anamva za Mzambia wina wokonza mauta ku Sports City. Nditafunsa chimene anandiitanira ine wosadziwa n'komwe kogwira uta, anati ndiziwawerengera mapu pafoni chifukwa dzuwa la kuno limathobwa m'maso. Akulankhula choncho anaika kapu m'mphepete penipeni mwa tebulo, tiyi n'kutayikira pansapato zanga. Ndinawanena kuti ndi aphuma.

Chibokosicho sitikanakwera nacho basi, ndiye tinaimitsa takisi. Dalaivala, bambo wa ku Pakistan, anafunsa ngati muli gitala. Atamva kuti ndi uta anati ngamila za kuno zili ndi eni ake, tisamale. Msewu unali wosalala ngati mbale, mbali zonse nyumba zazitali zofanana ndi mchenga wotuwa. Mita inaima pa madiramu 38.

Shopu inali pansi pa nyumba ya mafulati, kumbuyo kwake kuli kanjira kakatali koponyeramo. Mwini ntchito, a Sakala a ku Katete, anali bambo waimvi wosachedwa ndi macheza. Anati yala, Chiarabu cha tiyeni, tiyambe. Anatambasula tepi mamita makumi awiri n'kuyeza ndi renjifainda ija, manambala anafanana ndendende. Anapachika pepala n'kuponya muvi kuti ulibowole. Anatifotokozera kuti resiti ikakhota, bowo limang'ambika cham'mbali. Lija linali bowo laukhondo. Achimwene anayamba kupukuta thukuta, chonsecho eyakoni inali kuzizira.

Pa saiti ndi pomwe a Sakala anakhalitsa. Kapini kanali katasunthidwa mpaka kumapeto kwenikweni kumanzere, sikuluwu yosowanso kopita. Lamulo la oponya mivi, akuti, ndi lakuti muvi ukagwera kumanzere, kapini umakasunthiranso kumanzere. Achimwene anali atautsata muviwo sabata ndi sabata mpaka njira inawathera. A Sakala anabwezera kapini pakati, n'kuponya okha mivi itatu. Yonse inakakumana pakatikati pa chandamale. Anawapatsa achimwene. Yawo itatu inapita kumanzere, umodzi n'kukamenya thabwa.

"Akulu anga," anatero a Sakala motsitsa mawu, "tsekani diso la kumanzere. Manje niuzeni nambala ili pamwamba pa chandamale."

Nambalayo inali 4, yaikulu ngati chitseko cha kabati. Achimwene anaima nthawi yaitali, chikhatho chili kumaso.

"Kuli nkhungu," anatero.

A Sakala anafotokoza kuti uta wa dzanja lamanja umalozedwa ndi diso lamanja. Likafooka, lamanzere limalanda ntchito mwini wake osadziwa, ndipo muvi umathawira kumanzere. Anawaunika ndi tochi ya foni, ine n'kuona kadontho koyera pakati pa diso. Ndinakadziwa. Ndi ng'ala yomwe ija inawagwira malemu bambo athu, ine ndili Sitandade 5, mpaka ndinkawatsogolera kumunda atandigwira pachigongono.

A Sakala anati apite kuchipatala, ng'ala madokotala amachotsa. Anati angathenso kuphunzira uta wa dzanja lamanzere, koma zimenezo n'za miyezi. Achimwene anangoti Lachitatu silidikira munthu. Ndalama a Sakala anakana, anati khalasi, ndiye kuti basi zatha, palibe chimene akonza.

Cha m'ma 1 koloko tinali m'takisi yobwerera, chibokosi chili pamiyendo pathu. Ine ndinkalira mobisa, nkhope ili kuwindo. Ndinkakumbukira kukodola kuja, mapu aja, tiyi uja, ndi mmene ndinkawasekera. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba tsiku lonse, ine wogontha n'kumavina.

"Ndimadziwa, Tiya," anatero achimwene tili pafupi kufika. "Ndimangopempha Mulungu kuti a Sakala apeze kasikuluwu komasuka. Amayi usawauze, ndikawauza ndekha ndikafika."

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti munthu amatha kuyenda mzinda wonse kusaka chokonza, pamene akudziwa bwinobwino pomwe pawonongeka. Titatsika ku Al Furjan ndinanyamula chibokosi chija, iwo sanakane. Pofuna kuwoloka msewu wopita kunyumba kwawo, anazungulira n'kundiika kumanja kwawo, kenaka ndinamva dzanja lawo likundigwira pachigongono, pamalo pomwe paja ankagwira bambo.