Ulendo wa Achimwene Wokaona Nyama ku Alipore

Achimwene anga a Tarapada Naskar anakonza maambulera pakona ya msewu ku Bagbazar, mumzinda wa Kolkata, kwa zaka makumi anayi, ndipo sindinawaonepo akuchita kanthu mopupuluma. Munthu ankabwera ndi ambulera yothyoka mawaya mvula ikukhuthuka, iwo n'kuyamba aitembenuza kaye uku ndi uku, mwiniwake akunyowa. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, Bela. Amuna anga atamwalira ndinabwerera kwa achimwene. Alamu anga, akazi awo, atatisiyanso, ndine ndinatsala ndi mapoto pamodzi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Kakoli, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndiye wina asandiuze za banja limeneli ayi.

Mvula ikatha, ntchito ya maambulera imathanso. Mu Disembala, pamene kwathu kuno kumazizira, achimwene ankangokhala pakabokosi kawo kuwothera dzuwa, mwina kukonza loko kapena tochi. Koma nyengo yozizirayi ankaikonda chifukwa cha tsiku limodzi. Pa tsiku loyamba la chaka Kolkata yense amakhamukira ku Chiriyakhana, malo akale aja osungirako nyama ku Alipore, aliyense ndi dengu lake la chakudya. Kakoli ali mwana ankapita naye chaka ndi chaka. Ankamukweza paphewa kuti aone kambuku pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo pobwera mwanayo ankagona m'basi manja akununkha malalanje.

Kakoli anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, ku Salkia, ndi Prabir, mnyamata wofatsa wogwira ntchito kosungunula zitsulo. Zaka zisanu zinadutsa, mwana osaoneka. Achimwene ankawoloka mwezi uliwonse kukamuona, maswiti a mkaka ali m'manja. Koma mwambo tonse timaudziwa: bambo sadya mpunga kunyumba kwa mwana wake wamkazi mpaka mdzukulu atabadwa. Ambiri masiku ano amangouponda, koma osati achimwene anga. Kakoli ankaphika ndithu, n'kuwaikira mbale. Iwo ankagwirizanitsa manja pachifuwa, n'kunena mwaulemu wonse apongozi ake a Kakoli ali pomwepo, "Nthawi yake sinakwane, mwana wanga."

Kenako Kakoli anasiya kubwera kwathu. Chaka chinatha, china n'kutha. Ngakhale pa chikondwerero cha Durga, mulungu wathu wamkazi, anangotumiza mwamuna wake ndi nsalu yanga. Achimwene akapita ku Salkia, ankawapatsa moni, n'kulowa kukhitchini osatulukanso. Munthu wamkulu anayamba kuonda ndikuona. Madzulo ankakhala pakhomo kuyang'ana kumsewu wochokera kudoko, ndipo ine mtima unkandiwawa koopsa.

"Akumukaniza ndi apongozi ake," anatero achimwene tsiku lina. "Koma kokaona nyama pa Nyuwere palibe angakanize munthu. Ndimutengera kumeneko, Bela. Tikakhala pa udzu, tikadyera limodzi monga kale, ndipo mwana wanga akandiuza chimene chavuta."

Apo m'pamene ntchito inayambika, abale inu. Anapita ku Alipore kawiri konse, osalowa n'komwe, kungokafunsa alonda nthawi yotsegulira ndi kuona mbali imene mzere umafupika. Ulendo wachitatu analowa, n'kuyenda malo onse akuwerenga mapazi. Atabwera anajambula njira pakatoni ka sopo: kuyambira ku mbalame, kudzera kwa kamba wamkulu uja amati ndi wakale kuposa agogo a agogo athu, kukapuma pansi pa mtengo wa m'mbali mwa dziwe, kambuku kumapeto dzuwa litapendeka anthu atachepa. Anafufuza basi yoti tikwere ndi ina yoti tikwere yoyambayo ikadzaza.

"Achimwene," ndinatero, "mukukaona nyama kapena mukukamanga mlatho?"

"Iwe pakamwa pakopo," anatero, osakweza n'komwe mutu.

Anatenga nsalu zotsala za maambulera a anthu n'kusoka chiambulera chachikulu cha mawangamawanga, kuti Kakoli asapse ndi dzuwa. Ine anandilamula zophika ngati ndayamba dzulo kukhitchini: timikate ta luchi makumi atatu, mbatata zokazingira tsabola pang'ono chifukwa mwanayo sakonda zowawa, mazira owiritsa. Malalanje anasankha okha kumsika, limodzilimodzi, kulinunkhiza lililonse mpaka wogulitsa anawafunsa ngati akufuna kulikwatira. Pomaliza analemba khadi la papositi, osati kwa Kakoli, koma kwa apongozi ake, a Nirmala, monga kuyenera. Analilemba katatu. "Asewele, ndikupempha mundibwereke mwana wanga ndi mkamwini wanga tsiku limodzi lokha."

Yankho silinabwere. Wamakalata akadutsa, achimwene ankaimirira, iye n'kungopukusa mutu.

Kutatsala masiku atatu, masana, ndinawapititsira chakudya pakona paja. Ndikutsegula chikho, ndinangoona mthunzi waima. Anali Kakoli, yekha, khadi lija lili m'manja. Anawerama n'kugwira mapazi a bambo ake monga mwa ulemu wa kwathu, n'kugwiranso anga. Nkhope inali yatsopano kwa ine, yowuma.

Achimwene anasangalala ngati mwana. Anatulutsa katoni kaja, n'kumuitana monga ankachitira pomunyengerera. "Taona, mayi anga, tiyambira ku mbalame..."

"Ababa, sindipita."

"Akukukaniza? Ndikawagwadira ndekha."

"Palibe akundikaniza. Sindikufuna ine." Anakweza khadi lija. "Mukufuna mukandikhazike pa udzu pakati pa ana a anthu zikwizikwi? Uyu akulira, uyu ali paphewa pa bambo ake, uyu akufuna chibaluni, ine ndili phee ndikusenda lalanje? Apongozi anga atawerenga khadili anaseka. Anati, 'Kokaona nyama amapita ndi ana. Inu mukanyamula chiyani, dengu?'"

Achimwene anatsitsira katoni kaja pamwendo.

"Ndinkafuna tikadyere limodzi basi," anatero.

"Kudyera limodzi? Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukuphikirani! Ndimadzuka m'mawa kukasankha nsomba, ndimakuikirani mbale, inu n'kuikankha pamaso pa apongozi anga. 'Nthawi sinakwane.' Mukachoka mukudziwa zimene amanena? Amati, 'Ngakhale bambo ako akudikira.' Onse amandinena, Ababa, koma inu mumandinena mwaulemu, mwezi ndi mwezi. Mpunga wanga ukukunyansani, ndiye ine ndidzadye wanu bwanji?"

Anaika khadi lija pakabokosi, n'kutembenuka. Ndinamuthamangira mpaka pa sitolo ya mankhwala, ndikuti, "Kakoli, ima kaye!" Anangoti, "Azakhali, ndisiyeni," n'kukwera basi.

Nditabwerera ndinapeza achimwene akupinda katoni kaja pang'onopang'ono. Apa ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula zonse zimene ndinasunga. Ndinati mwambo umenewu unakupatsani chiyani, unakusokeraniko ambulera ngakhale imodzi? Ndinati mwana akufota inu muli kalikiliki kuwerenga mapazi kwa akamba. Ndinati pa Nyuwere pomwepo tiwoloke, mukakhale pansi, mukadye mpunga wa mwana wanu anthu onse akuona. Ndine ndinanena zimenezi. Ndimavomera, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima, chifukwa ine wodziwa kulankhulane sindinaganize n'komwe kuti anthu akatanthauzira bwanji.

Achimwene analimbana nayo nkhaniyi masiku awiri. Bambo athu sanadyepo kunyumba kwanga, pakuti inenso sindinabereke, ndipo anamwalira asanalawe mpunga wanga. Achimwene ankaona ngati kudya kwa Kakoli n'kuwatukwana bambo athu m'manda. Koma m'mawa wa tsiku loyamba la chaka anavala malaya awo oyera aja osungira maukwati, n'kunena, "Tiye, Bela."

Mumsewu munali anthu okhaokha opita ku Alipore, madengu pamutu, ana atavala zipewa zaubweya. Ife tinalowera kwina, kudoko. M'bwato achimwene anaima m'mbali. Ankangoyang'ana madzi.

Ku Salkia tinapeza a Nirmala akuyanika zovala pakhonde la m'mwamba. Prabir anatilandira, akudabwa. Kakoli anatuluka kukhitchini manja ali mbuu ndi ufa, n'kuima pakhomo. Achimwene anavula nsapato, anasamba m'manja pampopi, n'kukhala pansi pamkeka atapinda miyendo.

"Mayi anga," anatero, "ndili ndi njala. Kuli mpunga?"

Kakoli anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa msangamsanga, tinamva mapoto akugundana. Anabweretsa mbale yamkuwa, n'kuikapo mpunga wotentha, mphodza, biringanya wokazinga ndi nsomba yophikira mpiru. Anagwada pambali pawo ndi chikupizo m'manja, akukupiza ntchentche zomwe panalibe. Ndinaona nkhope yake ikufewa koyamba m'zaka ziwiri. Achimwene anasakaniza mpunga ndi mphodza, n'kuika m'kamwa.

Nthawi yomweyo a Nirmala anatsika masitepe. Anaona asewele awo akutafuna. Anayang'ana mbale, n'kuyang'ana Kakoli, maso n'kutsikira pamimba pake. Chidebe cha zovala chinagwa m'manja mwawo.

"Mayi Durga!" anakuwa. "Asewele akudya! Ndiye mwandibisira ine ndekha?"

Ndisanatsegule pakamwa, anayamba kuliza nthungululu. Mkazi wa m'nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo, naye n'kulandira. Wina kuseri anaimba chigoba cha nkhono chimene timaimba pakagwa zabwino. Kamphindi kochepa bwalo linadzaza azimayi, ena ndi mipeni ya ndiwo m'manja. "Miyezi ingati?" "Ndinaona ine kuti akuyenda mwachilendo!" "Prabir, maswiti ali kuti, wakuba iwe?" A Nirmala ankalira ndi chimwemwe chenicheni, akumugwira Kakoli kumaso, akumuitana mayina okoma amene sanamuitanepo chikwatiwire. Sindingawanene kuti ndi oipa. Nawonso anadikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Ine ndinkati, "Ayi, asewele, imani kaye," koma ndani akanandimva? Prabir anatsamira khoma, nkhope ili pansi. Achimwene anauma, mpunga uli m'kamwa, osameza, osalavula.

Kakoli anachotsa manja a apongozi ake pankhope pake. Anaimirira.

"Palibe mwana," anatero.

Nthungululu zinapitirira kumbuyo, kwa amene sanamve.

"Ndati palibe mwana!" Apa bwalo linati zii. "Ndipo sadzakhalapo. Adokotala anatiuza chaka chatha, ine ndi mwana wanu. Tinaopa kukuuzani, Amayi. Bambo anga angobwera kudzadya basi."

Sindidzaiwala mmene azimayi aja anatulukira, mmodzimmodzi, cham'mbali, aliyense akukumbukira mwadzidzidzi mphika umene anausiya pamoto. A Nirmala anakhala pansi pa sitepe yomaliza, n'kudzifunditsa nsalu kumaso. Prabir anapita kukakhala pafupi nawo, iwo n'kumukankha. Ine manyazi ndi chisoni zinandigwira pamodzi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Chinsinsi chimene ana awiriwa anachisunga chaka chathunthu tinachiulula ife, ndi malaya oyera ndi nzeru zangazi.

Kakoli anawerama kuti achotse mbale. "Basi, Ababa," anatero motsitsa mawu. "Mwamva. Nthawi ija siidzakwana. Musadzivute."

Achimwene anagwira m'mphepete mwa mbaleyo, osaisiya. Anameza. Anatenganso mpunga wina, n'kudya. Anachotsa minga ya nsomba imodziimodzi, mosapupuluma monga amachitira ndi mawaya, misozi ikutsikira m'ndevu mpaka kugwera m'mphodza. M'bwalo monse tinkangomva kutafuna kwawo. Anadya biringanya, anadya nsomba yonse, anapukuta mbale ndi zala mpaka inayera.

Kenako anaikweza ndi manja awiri kwa mwana wawo.

"Wonjezera, mayi anga," anatero. "Sindinakhute."