Chinkhupule Chosachapa

Pakomboni pathu, pafamu ina kufupi ndi Raffingora, munthu akafuna chinthu cha m'tauni amatuma ine. Chigawireni minda, ntchito zonse n'zamaganyu: lero kuthyola fodya kwa uyu, mawa kupalira chimanga kwa uyo. Ine msana wanga ndi khasu sizimvana, koma pakamwa panga m'pakhama. Malole akamapita ndi mabelo a fodya ku Harare ndimakwera pamwamba, kumeneko ndimagulira anthu masola, mabatire, mafoni ndi matayala a njinga, ndipo chimene ndagwetsa pa mtengo timagawana. Chuma changa chonse ndi mawu amene anthu amanena ndikamadutsa, akuti uyu sapusitsidwa. Tsiku limene adzaleke kunena zimenezo, khasu likundidikira kuseri kwa chitseko.

Bokosi lagalasi ndinaliona ku Ruwa, kufupi ndi Harare, kwa gogo wina wa Chishona kumene ndinapita kukagulira mnzanga batire lakale la galimoto. Kuseri kwa nyumba yake kunali mabafa akale odzaza madzi ndi udzu wa m'madzi, ndipo pakhonde panali bokosilo, m'kati mwake tinsomba tosaposa chala chakumapeto, michira yofiira ndi yachikasu ikuvina ngati madiresi a pa ukwati. Ndinaima n'kuiwala lamulo loyamba la ntchito yanga, loti wogulitsa asakuone kuti chinthu chakugwira mtima. Gogo anaona.

Tinakokana mpaka dzuwa kupendeka. Anatulutsa bokosi lina latsopano m'galaja, ine ndinati galasi lake n'lokalika, iye anati okalika ndi maso anga. Potsiriza ndinamusiyira nkhanga ndi ndowa ya nzama zimene ndinabwera nazo kuti ndigulitse, iye n'kundipatsa bokosi, miyala, kapampu kopumira mpweya, chinkhupule choyera chosefera madzi, ndi tinsomba m'pepala lapulasitiki. Atayamba kufotokoza za kasamalidwe ndinamudula. Lole inali pafupi kunyamuka, komanso ndinkaopa kuti akapitiriza kulankhula akumbukira kuti ndamudyera.

"Gogo, ife ndi a ku Malawi. Za nsomba musatiphunzitse."

"Zvakanaka, achimwene," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti chabwino, n'kutseka pakamwa.

Ine ndinabadwira pafamu pomwe pano. Nyanja ya kwa makolo anga ndinangoiona pa kalendala.

Kunyumba mayi a ana anachotsa mbale zawo za alendo pamwamba pa kabati kuti bokosi likhalepo. Kapampu ndinakalumikiza ku batire la sola, thovu n'kuyamba kukwera. Komboni yonse inabwera kudzaona. Amuna ankafunsa kuti zikula liti ndipo zimakoma ngati matemba kapena ayi. Akazi ankangokhala pa mphasa kuonerera, ena mpaka kupsereza ndiwo kwawo. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo, kuuza aliyense kuti wailesi yakanema yosafuna mlongoti ndaigula ndi nkhanga.

Vuto linayambira pa ulemu. Kwathu munthu sungadye wina akukuyang'ana, ndipo tinsombato tinkabwera pagalasi n'kumatsegula pakamwa. Aliyense wolowa m'nyumba ankamva chisoni. Wina ankanyema sadza, nsima ya kuno, n'kuponyamo, wina gaga, wina nyenyeswa za buledi. Mkulu wa mpingo wathu anabweretsa ngumbi zokazinga m'thumba la jekete. Inenso, monga mwini alendo, ndinkawonjezera chakudya cha m'kabotolo chimene gogo anandipatsa, kuti anthu asanene kuti ndimamana ziweto. Sabata isanathe madzi anayera ngati otsukira mpunga, ndipo ukawerama pamwamba ankanunkha ngati ngalande ya kuseri kwa bawa.

Mayi a ana ndi munthu amene mapoto ake ungametere ndevu. Loweruka anawolola nsomba n'kuziika m'beseni, anakwecha galasi ndi sopo, miyala anaitsuka umodziumodzi, chinkhupule anachichapa mpaka kubwerera mwakale, kenako n'kudzaza madzi atsopano a ku mjigo. Bokosi linawala ngati la m'sitolo. Titagona n'kudzuka kawiri, nkhungu yoyera ija inabwerera m'madzi. Nsomba zinayamba kuyandama pamwamba, kukamwa kuli phaphapha, michira itapindika ngati ambulera yonyowa. Mmawa uliwonse tinkawolola yakufa. Iwo anatsukanso, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo zinafa zambiri kuposa poyamba. Mphaka wathu yekha ndiye anaona phindu la malondawo.

Mawu anayambira ku mjigo, kumene nkhani zonse za pakomboni zimayambira. Akuti uja wosapusitsidwa wapusitsidwa ndi nkhalamba ya ku Ruwa, yamugulitsa nsomba zodwala. Ndinkaseka nawo, koma mnansi wanga wina amene anali atalonjeza kundituma sola yaikulu atagulitsa fodya anandidutsa n'kukatuma dalaivala wa lole. Wina anabwera kudzatenga foni yake imene ndinkayenera kukamusinthira, akuti wasintha maganizo. Mayi a ana anandiuza mofatsa, akusesa, kuti zotsalazo zikafa bokosi alereramo anapiye, ndipo kwa bambo wa fodya kumtunda akufuna anthu okumba zitsa.

Ndinatunga madzi a m'bokosi m'botolo kuti akhale umboni, n'kukwera lole yotsatira. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinali nditasankha malo okwezera mawu, malo otchulira ana anga, ndi malo otembenukira ngati ndikupita kupolisi.

Gogo anandisiya ndilankhule zonse, akudyetsa nkhanga zanga zija, zimene zinali zitanenepa mochititsa manyazi. Kenako ananunkhiza botolo, anathira pang'ono m'kagalasi n'kudonthezeramo mankhwala, madzi n'kusanduka obiriwira ngati msuzi wa repu. Anandifunsa amene amadyetsa nsomba. Ndinati aliyense. Anafunsa amene amatsuka. Ndinayankha monyada kuti mkazi wanga, ndi sopo, Loweruka lililonse. Anakhala pansi kuti aseke bwino.

Zimene anandiuza n'zimene ndinamuletsa kunena tsiku loyamba. Nsomba imakodzera m'madzi omwe imapumamo, ndipo chakudya chotsala chikaola chimawonjezera ululu womwewo. M'bokosi lakale muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timakhala m'chinkhupule ndi pa miyala, ntchito yake kudya ululuwo. Bokosi latsopano lilibe, ndipo kuti tichuluke pamapita masabata. Tizilomboto tikangoti tiyambe kumera, ife tinkatipha ndi sopo, uku tikuwonjezera sadza.

"Nyumba yanu ili ndi matenda awiri, achimwene. Ndi yaukhondo kwambiri, ndiponso yopatsa kwambiri."

Ndinaona kuti mlandu wandigwera, koma sindinapite ku Ruwa kuti ndibwere chimanjamanja. Ndinati andipatse nsomba zina zaulere. Anakana, akuti sangatumize ana ake kumanda. M'malo mwake anapisa mkono m'bafa limodzi lakale n'kutulutsa chinkhupule chakuda bii, chonanda, chonunkha dambo. Anati ichi ndicho mankhwala, tizilombo tija tadzazamo. Mtima wanga unadumpha, koma nkhope ndinaikwinya. Ndinamuuza kuti kwathu wochotsera munthu zinyalala amalipidwa, ndiye ngati akufuna ndimunyamulire uve wakewo, awonjezerepo kanthu. Anawonjezera miyala yoterera yodzaza manja, udzu wa m'madzi, ndi nsomba yaikazi imodzi yonenepa mimba, akuti imeneyo n'chifukwa choti sanaonepo munthu wopanda manyazi ngati ine. Malamulo ake nthawi ino ndinawamvera ngati ulaliki wa pa maliro: chinkhupule chisaume panjira, chisaone sopo mpaka kalekale, chikatsekeka ndingochifinya m'madzi ochotsa m'bokosi momwemo, madzi ndizisintha pang'onopang'ono osati onse, ndowa yake isakhale chigubu chimene munali mankhwala a fodya, ndipo chakudya chikhale chongotsina ndi zala.

Lole inali itandisiya, choncho ndinabwerera pa makombi, maminibasi a kuno, zonse zimene gogo anandipatsa zili m'ndowa ya madzi. Hwindi, wotolera ndalama uja, ankafuna kuti ndowa ikwere padenga. Ndinakana, n'kuiika pamiyendo ngati khanda. Mayi wina pambali panga anatseka mphuno ndi duku n'kufunsa ngati ndine sing'anga. Ndinati inde, ndipo anandipatsa malo okwanira anthu awiri.

Ndinafika dzuwa lili pafupi kulowa. Ndinaika ndowa pakhonde n'kuthamangira kuchimbudzi, poti ndinali nditapirira kuchokera ku Banket. Pobwerera ndinapeza mayi a ana atagwada pa ndowa, chinkhupule chili m'dzanja limodzi, sopo m'dzanja lina, beseni lathovu lili pambali.

"Amayi, chonde, bwezerani m'madzimo."

"Bambo, nsomba zikufa ndi uve, inu mwapita ku Harare kukagula uve wina?"

"Sindinagule. Andipatsa ndi basera."

Ndinayesa kufotokoza za tizilombo, ndipo ndinafotokoza moipa, chifukwa pamene ndinati tizilombo tosaoneka dzanja la sopo linayandikira. Ndinanena za ululu, za madzi osanduka obiriwira, za bokosi latsopano limene liyenera kutapa moyo ku lakale. Pamenepo anaima. Anayang'ana kukhitchini, kumene kuli mtsuko wawo wa mahewu, umene pakomboni ponse amautama. Mtsuko umenewo sunaonepo sopo chiugulireni. Amangoutsukuluza, ndipo nthawi zonse amasiya pang'ono pansi kuti a mawa asase msanga. Mwana wathu wamkazi atautsuka ndi sopo tsiku lina, mahewu anakana kwa masiku angapo ndipo m'nyumba munalibe mtendere.

"Ndiye bwanji osangonena kuti n'chimodzimodzi mahewu?" anatero, n'kubwezera chinkhupule m'ndowa. Sopo anakaika patali.

Kuyambira tsiku limenelo bokosi linachoka m'manja mwanga. Mayi a ana anavundikira pamwamba ndi thabwa, n'kutsindikiza ndi simbi yamakala. Alendo obwera ndi nyenyeswa m'manja ankawauza kuti nsomba zili pa kusala kudya, ndipo pakomboni ya anthu opemphera palibe amene angasokoneze wosala. Mkulu wa mpingo anabweza ngumbi zake m'thumba n'kunena kuti ngakhale Akhristu ena atengerepo phunziro. Ine ntchito yanga inali kupopa madzi pang'ono ndi kapayipi, kukathirira tomato, n'kubwezeramo ena amene agonera m'ndowa yatsopano kuti asakhale ozizira ngati ongochoka pansi pa nthaka.

Poyamba sipanaoneke kusintha, ndipo ku mjigo nkhani inali yoti tsopano ndikuweta matope. Koma kuwolola zakufa kunaleka. Nkhungu inayamba kupepuka, fungo linasanduka la dothi mvula ikangogwa, michira inatambasuka. Tsiku lina ndinayang'ana m'bokosi n'kuona maluwa a pa khatani ya kuseri kwake, bwinobwino, ngati mulibe madzi. Chinkhupule chinali chikadali chakuda pakona pake, ndipo mayi a ana ankachidutsa ngati apongozi, osachikhudza, osachiyang'ana kwambiri.

Iwo ndi amene anaona tiana. Anandiitana mmawa wina akuti udzudzu waswera m'madzi. Titayang'anitsitsa, tinthu tija tinali ndi maso, tikubisala mu udzu, ndipo yonenepa ija inali itaphwa mimba. Nkhani inafika ku mjigo ine ndisanavale nsapato. Nsomba zodwala siziswana, zimenezo ngakhale wondida ankazidziwa. Madzulo ake nyumba inadzaza, manja onse ali kumbuyo poopa mwini simbi.

Mnansi uja wa sola anabwera anthu atachepa. Sola imene dalaivala anamugulira inali yongoyatsa kababu kamodzi. Anakhala pa mpando, anayamika nsomba, anayamika tomato, kenako anafunsa ngati Lachiwiri ndikupita ku Harare. Ndinati ndiona ngati mpata ulipo, poti anthu ondituma achuluka. Anali asanachuluke, koma pofika Lachiwiri anachulukadi.

Asanatuluke, mnansiyo ananenanso kuti mkazi wake wapeza botolo lalikulu lagalasi, la maswiti a m'sitolo, ndipo akufuna tiana tingapo. Ndinamuuza kuti nsomba ndimupatsa ulere, ndife anansi. Kenako ndinapisa dzanja m'bokosi, ndinang'amba kachidutswa ka chinkhupule chakuda chija n'kukakweza m'mwamba kakudontha.

"Koma aka, achimwene, khalani pansi tikambirane."

Anachoka atasiya tambala, ndipo mayi a ana anati ndamuchitira chifundo.