Mmene Wachipewa Anatsikira Pansi pa Shelefu

Kumalo ochekera matabwa aliyense ankawatcha a Jaji, ngakhale kukhoti anali asanapondeko phazi. Dzinalo linabwera chifukwa cha oimba. Makina akazima nthawi ya nkhomaliro, iwo ankakhala pa mulu wa matabwa, n'kusasa utuchi m'tsitsi, n'kuyamba kuweruza: woimba wamwamuna woposa onse chilengedwere dziko ndani, wachiwiri ndani, nanga wosayenera n'komwe kutchulidwa pagulu la anthu ndani. Ukawatsutsa, chakudya chako chinkazizira m'manja.

Koma sabata imene tikunenayi a Jaji sanaweruze aliyense. Lolemba m'mawa akazi awo anaima kutsogolo kwawo, n'kuwayang'ana m'maso, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Loweruka ndikupita kwa mwana wathu, ndipo sindikudziwa ngati ndibwerera. Ndatopa kuyankhula ndi khoma, bambo." Atatero anatola makapu n'kupita kukatsuka.

A Jaji zinawapweteka, komanso zinawadabwitsa. Khoma ndani? Mmene iwo ankaonera, wosiya kuyankhula anali mayiwo. Munthu amene kale ankadzaza nyumba ndi mawu, tsopano ankangong'ung'udza kukhitchini, moni wake wosamveka, nkhani zake zothera m'kamwa. Iwo anali atapirira osadandaula, n'kumati ndi ukalamba. Lero wolakwa n'kukhala iwo? Anapita kuntchito mwendo uli wolemera, ndipo tsiku lonse anangokankha matabwa.

Ntchito imeneyo anailowa ali mnyamata, ndevu zisanamere bwino. Msana unapindikira pomwepo, chala chimodzi chinafupikira pomwepo, chifuwa chinadzazira fumbi pomwepo. Akapitawo ankagawa timasiponji totseka m'makutu, koma a Jaji ankatisunga m'thumba. Ankati macheka amayankhula: akabuntha amalira mwina, akayandikira msomali wobisika m'thabwa amalira mwinanso, ndiye munthu ungatseke bwanji makutu pamene mnzako akukuchenjeza? Akapitawo anawanena mpaka anatopa nawo.

Kunyumba chigamulo chawo cha oimba chinkaoneka ndi maso. Pabalaza panali shelefu yopapatiza imene anakhoma okha, yaitali kuchokera m'mutu kufika kumapazi, ndipo makaseti ankakhalapo motsata ulemu wawo. Dziko lonse linasamukira m'mafoni, koma a Jaji ankati nyimbo yosagwirika m'manja ndi mphekesera chabe. Oimbawo sankawatchula mayina, ankawatcha potengera chithunzi cha pachikuto: Wachipewa, Wandevu, Wadazi, ndi ena otero.

Kwa zaka zambirimbiri pamwamba penipeni panali pa Wachipewa, mwamuna wa mawu aang'ono, okwera, osalala ngati thabwa lopalidwa kawiri. Panalibe mkangano pamenepo, ndipo chifukwa chake chinkadziwika. A Jaji paunyamata anali amanyazi, pakamwa polemera. Atamuona mtsikana wosoka zovala pakhonde la sitolo ina, mawu anawathera. Ndiye anabwereka wailesi ya kaseti, n'kukaima nayo tsidya la msewu ngati akudikira basi, Wachipewa akulira m'manja mwawo. Anatero masiku angapo, mabasi akuwadutsa. Tsiku lina mtsikanayo, osadzutsa n'komwe mutu pamakina ake, anayamba kuimba nawo, mawu ake okwera kuposa a mwini nyimboyo. Ukwati wawo unayambira pamenepo.

Ndiye Wachipewa anayamba kutsika. Poyamba anangosuntha malo amodzi. A Jaji anauza anzawo kuti munthuyu akamumvetsera bwino, mawu ake amamira m'magitala. Anaganiza kuti kaseti yatha, anayenda msika wonse mpaka anapeza ina kwa wogulitsa zakale. Chimodzimodzi. Anapukuta kamutu kowerenga kaseti m'wailesi ndi thonje, anasintha mabatire, anaipititsa kwa wokonza. Chimodzimodzi. Basi anagamula kuti paunyamata ananyengedwa ndi chikondi, ndipo Wachipewa anatsikanso. Chaka ndi chaka ankatsika, mpaka anakafika m'munsi momwe tsache limagunda posesa.

Pamwamba panakwera Wandevu, wa mawu aakulu ngati lole pachitunda. Anzawo a kuntchito anaseka mpaka misozi.

"A Jaji, si inu munkati ameneyu amaimba ngati ng'ombe ya chimfine?" anafunsa wopala matabwa, mnzawo wa kalekale.

"Munthu amakula nzeru," anayankha a Jaji. "Uyu yekha ndiye amatulutsa mawu. Enawa akungotafuna."

Wopala matabwayo ananenanso china chake atatembenukira kumbali, anthu n'kuseka, koma a Jaji sanachigwire. Ankadziwa kale kuti anthu a masiku ano amayankhulira m'mano.

Sabata inayenda mwaulesi wake. Lachitatu a Jaji anaona sutikesi yatsitsidwa pamwamba pa kabati, ikuwombedwa dzuwa pakhomo. Lachinayi anafuna kunena kanthu, koma akazi awo anali atawafulatira, akupinda nsalu, mapewa akugwedezeka pang'ono. A Jaji anaima pakhomo la chipinda, anadikira, sanamve chilichonse, anabwerera pampando wawo. Anali otopa, kutopa kwa munthu amene sakudziwa mlandu umene akuzengedwa. Mumtima anali ndi mantha enieni. Nyumba imeneyo popanda mayiwo ikanakhala malo ongosungiramo mipando.

Loweruka linafika. Mkamwini wawo anati abwera ndi galimoto dzuwa likakwera, ndipo akafika kumsewu waukulu aimba foni kuti mayi atuluke, popeza kanjira ka kwawo n'kopapatiza. Sutikesi inali pafupi ndi chitseko, makina osokera atakulungidwa m'nsalu pambali pake. Foni inali patebulo. A Jaji anavala malaya abwino, osadziwa kuti akuvalira chiyani.

Akazi awo anawerama pa shelefu, n'kusolola kaseti ya m'munsi, n'kuipukuta fumbi ndi chikhatho.

"Iyi nditenga," anatero atawayang'ana. "Inu munaitaya kale."

"Sindinaitaye. Ili pamalo ake oyenera."

"Pamodzi ndi ine."

Mayiwo anaiyang'ana kasetiyo kanthawi, kenako anaiponya m'wailesi, mwina pofuna kuona ngati ikulirabe asanainyamule. Anakhala pampando wa pafupi ndi zenera, manja ali pamiyendo.

Ng'oma zinalowa, besi inalowa, gitala akumveka patali. Pamene Wachipewa ankayenera kulowa, a Jaji anamva zimene ankamva zaka zonsezi: kaphokoso kosadziwika bwino, kongobwera n'kupita. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwaonatu, koma maso awo anagwera pa akazi awo.

Mayiwo ankaimba. Sankang'ung'udza ayi. Pakamwa panali potsegula, mutu utakwezedwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka, chifuwa chikukwera ndi kutsika, misozi ikuyenderera m'masaya. Milomo yawo inkaumba mawu amene a Jaji ankawadziwa pamtima, liwu ndi liwu. Munthu woimba chotero amamveka mpaka kwa aneba. Ndipo zoonadi, kunja kwa zenera mayi wa nyumba yoyandikana anali ataima ndi chovala chonyowa m'manja, akumvetsera. Pakati pa a Jaji ndi akazi awo panali katebulo kokha, koma chimene chinkafika m'makutu mwawo chinali ng'oma ndi besi.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ichi chinabwera mwakachetechete, chaka ndi chaka, iwo ali kalikiliki kusuntha makaseti. Wachipewa sanathe mawu. Mayiwo sanasiye kupereka moni. A Jaji anakumbukira mapewa aja akugwedezeka Lachinayi, munthu atawafulatira. Kodi ankanena chiyani? Mwina ankawapempha kuti awaletse. Ndipo iwo anangotembenuka n'kukakhala pampando.

Nyimbo itatha, a Jaji anati, "Mayi, sindinakumveni."

"Ndi kale munasiya kundimva."

"Ayi. Ndikuti sindinamve. Ndaona pakamwa panu pokha." Analoza khutu ndi chala chawo chachifupi chija. "Mawu anu sakufika kuno. A Wachipewanso sakufika. Wotsala ndi Wandevu yekha, ndi malole a pamsewu."

Akazi awo anadzuka, n'kuzungulira kumbuyo kwa mpando wawo. A Jaji anadikira. Mpweya wofunda unkawagunda pakhosi, ndipo anadziwa kuti munthu akuyankhula, koma sanatolepo liwu ngakhale limodzi. Mayiwo anabwerera kutsogolo, nkhope itasintha.

"Ndanena chiyani?"

"Sindikudziwa."

Mayiwo anakhala pansi mwamphamvu, ngati munthu amene watula mtolo koma khosi likuwawabe. Sanasangalale, ndipo panalibe chosangalalira. Zaka zonse zimene anakwiya, zimene analira kukhitchini, zimene anaitana munthu osayankha, palibe akanawabwezera. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kusendeza mpando pafupi, n'kuika pakamwa pakhutu la amuna awo. Anatsitsa mawu mpaka pansi, moyeserera Wandevu uja amene mayiwo ankamuda moyo wawo wonse.

"Timasiponji tija munkatisunga m'thumba, mwaona phindu lake?"

A Jaji anamva liwu lililonse. Linali dzudzulo, koma anali asanamve chinthu chokoma chotero kwa nthawi yaitali.

"Nenaninso," anatero.

"Ndinenenso chiyani, nkhalamba yosamva inu?"

"Chilichonse."

Patebulo foni inayamba kuwala, ikunjenjemera n'kumasendera m'mphepete. A Jaji sanaimve, anangoiona, ndipo anaona dzina la mkamwini likuthwanima. Anayang'ana sutikesi, anayang'ana akazi awo, osayerekeza kufunsa. Mayiwo anatambasula dzanja, n'kuigwira foniyo kanthawi, n'kuivundikira patebulo. Kenako anatulutsa kaseti m'wailesi, n'kuitembenuza mbali inayo, n'kusendezanso mpando kuti pakamwa pawo pakhale pafupi ndi khutu lija.