Amalume awalemba ntchito yoteteza mbalame

Bondiya abale nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku Nkholongue, komwe ndakasiya Tereza wanga ku kampu ya ana ya pa feriya, sukulu zikatsekera, ija yogona m'matenti n'kumaphunzira zachilengedwe. Adiretora, mkulu wa kampuyo, mayi wa ku Lichinga, anatikhazika makolo pansi pa mtengo wa mango kuti atisonyeze antchito awo. Wophika, wa mankhwala, wophunzitsa kusambira, onse bwinobwino.

Kenako akuti, "Awa ndi a Bernardo, bwenzi la mbalame." Kudzutsa mutu, ndi amalume athu! Inde, omwe aja anamaliza njiwa za ku Msumba ndi ulimbo. Avala sikipa yobiriwira, manja kumbuyo ngati akatekisiti.

Tili mkati mowomba m'manja, chikwama chawo chinayamba kugwedezeka. Mutu wa njiwa suzumiru! Anali atadzera ku misampha yawo.

Amalume osaphethira n'komwe: "Ndabweretsa kuti ana aione pafupi."

Adiretora anasangalala koopsa, n'kuwauza kuti aiulutse ana akuona. Amalume anaiponya m'mwamba, n'kuiperekeza ndi maso mpaka kuphiri, misozi ili lengelenge. Adiretora akuti, "Taonani chikondi!" Ine ndinali pafupi, ndinawamva akunong'ona: "Ndiwo zanga."

Tsopano adiretora alamula kuti m'mawa uliwonse amalume aziulutsa njiwa imodzi, ana akuimba, mpaka kampu itatha. Panopa amalume ali kutchire, akutchera misampha ina.

Abale, titani? Tikaulule, ntchito iwathere, kapena tingokhala chete? Yankhani msanga, chifukwa andituma kuti ndifunse amene ali ndi ulimbo awabwereke. Akuti ndi wa kuntchito.